Tinjerwa ta ku Billund ndi akuluakulu amene anakana kusiya kumanga

Kwa zaka pafupifupi 30, kampani ya LEGO inkauza anthu kuti tinjerwa take tisanu ndi kamodzi, tofanana, tokhala ndi timitu tisanu ndi titatu pamwamba, tingalumikizidwe m'njira 102,981,500. Masamuwa anachitika mu 1974 ndipo kwa nthawi yaitali palibe amene anawakayikira. Amene anadzawakayikira ndi Søren Eilers, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Copenhagen. Iye anazindikira kuti owerengawo ankangoganizira za tinjerwa tosanjikizidwa kamodzikamodzi mpaka pamwamba, osakumbukira kuti womanga angathe kuika tiwiri kapena titatu pamzere umodzi. Analemba pulogalamu ya pakompyuta yowerengera njira zonse, ndipo mnyamata wina wa kusekondale, Mikkel Abrahamsen, analemba yake payekha kuti aone ngati mayankho angafanane. Anafanana ndithu: 915,103,765. Kampani inavomereza, ndipo lero ndi chiwerengero chimenechi chimene imatchula.

Zoterezi zachitika kambirimbiri m'mbiri ya kampaniyi. Anthu akunja, osalembedwa ntchito komanso osalipidwa, akhala akuona m'kanjerwa aka zinthu zimene eni ake sanazione. Panapita zaka zambiri eni akewo asanaphunzire kuwamvera, ndipo anayamba kutero kampani itatsala pang'ono kugwa.

Billund ndi katawuni ka pakati pa chigawo cha Jutland ku Denmark, dera la mchenga ndi tchire kumene kale alimi ankavutika kuti apeze chakudya. Ole Kirk Christiansen, kalipentala wobadwa mu 1891, anagula nyumba yopaliramo matabwa kumeneko mu 1916. Ankamangira alimi nyumba ndi makola, n'kumawakhomera zitseko, mawindo ndi mipando. Mu 1924 nyumba yogwiriramo ntchito ija inapsa pamodzi ndi nyumba yogona, ana ake awiri atayatsa moto pafupi ndi zipalapala za matabwa. Anamanganso. Kenako kunabwera mavuto a zachuma amene anagwedeza dziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Alimi anasiya kumangitsa nyumba, ndipo Ole anayamba kupanga zinthu zing'onozing'ono zoti munthu wosauka angakwanitse kugula: makwerero, matabwa ositirapo zovala, timipando, ndi zidole zamatabwa. Chaka cha 1932, chimene kampani imachitenga kuti ndi chiyambi chake, chinali chowawa kwa iye, pakuti m'chaka chomwecho mkazi wake Kirstine anamwalira n'kumusiyira ana aamuna anayi.

Zidole ndi zimene zinayamba kuyenda malonda. Nthawi ina anthu anatengeka ndi kachidole kozungulira pachingwe kotchedwa yo-yo, ndipo atatopa nako, Ole anatsala ndi mulu wosagulidwa. Sanataye. Anang'amba kalikonse pakati n'kupanga mateyala a timagalimoto tamatabwa. Mu 1934 anatcha kampani yake LEGO, pofupikitsa mawu awiri a Chidanishi onena za kusewera bwino.

Pali nkhani imene kampani imakonda kufotokoza yokhudza mwana wake wachitatu, Godtfred, amene anayamba kuthandiza bambo ake ali ndi zaka 12. Tsiku lina mnyamatayo anabwera monyadira kudzanena kuti wapulumutsa ndalama: abakha amatabwa amene anakawasiya kusiteshoni ya sitima anawapaka vanishi kawiri m'malo mwa katatu. Bambo ake anamulamula kuti akawatenge onse, awapake kachitatu, awalongedzenso, ndipo asagone ntchitoyo isanathe. Kuumirira pa ntchito yabwino kotereku kunadzakhala kofunika kwambiri pamene matabwa analowedwa m'malo ndi pulasitiki, chifukwa kanjerwa kolakwika ndi kagawo kochepa chabe ka milimita sikagwira kanzake.

Fakitale inapsanso mu 1942, m'kati mwa nkhondo, ndipo Ole anaimanganso. Nkhondo itatha anachita chinthu chimene ana ake anachiona ngati kutaya ndalama: anagula makina a ku Britain othira pulasitiki wosungunuka m'zikombole, pamtengo wa 30,000 kroner, ndalama za ku Denmark. Makinawo anafika mu 1947. Pakati pa zitsanzo zimene Ole anaona panali tinjerwa ta pulasitiki ta kampani ya ku Britain yotchedwa Kiddicraft, timene anatikonza ndi Hilary Fisher Page. Apa mbiri iyenera kunenedwa mosapsatira. Tinjerwa toyamba ta LEGO, timene tinatuluka mu 1949 ndi dzina lakuti Automatic Binding Bricks, tinali tofanana kwambiri ndi ta Page, ndipo kusiyana kwake kunali kwa miyeso ndi kaumbidwe ka timitu. Page anamwalira mu 1957, ndipo LEGO inadzagula umwini wa luso la Kiddicraft mu 1981. Dzina lake liyenera kutchulidwa nthawi zonse pamene nkhani ya kanjerwa aka ikukambidwa.

Tinjerwa toyambato sitinkagulidwa bwino. Kunsi kwake kunali mphako yokhayokha, choncho nyumba imene mwana wamanga inkagumuka akangoinyamula. Masitolo ena ankabweza katundu. M'zaka zimenezo chidole cha pulasitiki chimene chinkabweretsa ndalama chinali kathirakitala ka Ferguson, osati tinjerwa.

Zinthu ziwiri zinasintha zonse, ndipo zonse ziwiri zinadzera mwa Godtfred. Choyamba chinachitika mu 1954 m'sitima yapamadzi yopita ku England, mmene anacheza ndi Troels Petersen, wogula zidole wa sitolo yaikulu ya Magasin du Nord ya ku Copenhagen. Petersen anadandaula kuti zidole zonse za pamsika zinali zapazokhapazokha, popanda dongosolo lozigwirizanitsa. Godtfred atabwerera kwawo anayang'ana zinthu zonse zimene fakitale inkapanga n'kuona kuti tinjerwa tokha ndi timene tingakhale maziko a dongosolo lotero: chilichonse chimene kholo lagula lero chiyenera kulumikizana ndi chimene linagula chaka chatha komanso chimene lidzagule chaka chamawa. Mu 1955 kampani inatulutsa mabokosi oyamba otsatira maganizo amenewa, omangira tawuni ya nyumba, misewu ndi magalimoto.

Chachiwiri chinali timapaipi. Pofuna kuti tinjerwa tizigwirana, anayesa maumbidwe osiyanasiyana a kunsi kwake mpaka anakhazikika pa timapaipi titatu toima m'kati mwa mphako ija. Kamutu ka kanjerwa kapansi kamapanikizika pakati pa khoma ndi kapaipi ka kanjerwa kapamwamba, ndipo kupanikizikako n'kokwanira kuti nyumba isagwe koma n'kosapitirira mphamvu ya zala za mwana wofuna kumasula. Kalata yopempha boma kuti liteteze luso limeneli inaperekedwa ku Copenhagen pa 28 Januwale 1958. Ole anamwalira mu Malichi chaka chomwecho. Kanjerwa koumbidwa nthawi imeneyo kamagwirana bwinobwino ndi kogulidwa musitolo lero, ndipo lonjezo limeneli ndiye chuma chenicheni cha kampaniyi, kuposa fakitale iliyonse imene ili nayo.

Moto wachitatu, wa mu 1960, unatentha nyumba yosungiramo zidole zamatabwa, ndipo Godtfred anaganiza zosiyiratu matabwa. Kuyambira apo zinthu zinathamanga. Mateyala anabwera mu 1962. Mu 1963 kampani inasiya pulasitiki wakale amene ankapindika pakapita nthawi n'kuyamba kugwiritsa ntchito wolimba wotchedwa ABS. Bwalo la ndege la Billund, limene linayamba ngati la kampani, linatsegulidwa mu 1964. Alendo ofuna kuona zomangidwa ndi tinjerwa atachuluka mpaka kusokoneza ntchito m'fakitale, kampani inatsegula paki ya Legoland mu Juni 1968, ndipo anthu 625,000 anafika m'nyengo yoyamba yokha. Duplo, tinjerwa tikuluko ta ana aang'ono, inatuluka mu 1969. Mu 1977 kunabwera mabokosi a magiya ndi timitanda tamabowo amene anadzatchedwa Technic, ndipo mu 1978 kunabwera kamunthu kachikasu kosuntha miyendo ndi manja, ntchito ya Jens Nygaard Knudsen. Chaka chotsatira, mdzukulu wa Ole, Kjeld Kirk Kristiansen, anakhala mkulu wa kampani.

M'zaka zonsezi, kwa akuluakulu a ku Billund wogula anali mwana, makamaka mnyamata wa kupulayimale. Sankadziwa, kapena sankalabadira, kuti ana a m'ma 1970 anali atakula ndipo ena mwa iwo anali atabwerera ku mabokosi awo akale.

Anthu amenewa amadzitcha AFOL, chidule cha Chingerezi chotanthauza wamkulu wokonda LEGO. Ambiri amafotokoza mbiri yofanana: anasiya kumanga ali achinyamata chifukwa cha manyazi kapena sukulu, kenako patapita zaka anabwerera, kaya chifukwa chogulira mwana wawo bokosi, kaya chifukwa chopeza tinjerwa tawo takale kunyumba kwa makolo. Aliyense ankaganiza kuti ali yekha. Intaneti ndi imene inawaonetsa kuti alipo ambiri. Chimene amanyadira nacho kwambiri si kutsatira kabuku ka malangizo ka m'bokosi koma kumanga chawochawo, chimene amachitcha MOC: sitima yapamtunda yofanana ndendende ndi yeniyeni, tchalitchi chakale cha mumzinda wawo, chombo cha m'mlengalenga chotalika kuposa tebulo. Aliyense amene anaonapo mwana wa kwathu akupinda mawaya kuti galimoto yake ifanane ndi lole imene yadutsa pamsewu, mpaka chiwongolero chizikhotetsadi mateyala, amaudziwa mtima umenewu.

Omangawa anaphunzira miyeso ya kanjerwa mpaka kuiloweza. Kuchokera pakati pa kamutu kamodzi kufika pakati pa kena pali mamilimita 8. Kanjerwa ndi kotalika mamilimita 9.6, ndipo tinjerwa topyapyala totchedwa plate titatu tikasanjikizana timafika pa msinkhu womwewo. Ndiye kuti tisanu totere timakwana mamilimita 16, mofanana ndi m'lifupi mwa timitu tiwiri. Pamasamu ochepawa ndi pamene pagona luso lomanga chammbali, limene amalitcha SNOT: womanga amagoneka tinjerwa kuti timitu tiloze kumbali kapena pansi, ndipo zonse zimakumanabe bwino popanda mpata. Ndi mmene amapezera makoma osalala, zilembo zolembedwa ndi tinjerwa, ndi mphuno yozungulira ya ndege.

Popeza kampani sinkawapatsa zida zimene ankafuna, anadzipangira okha. Mu 1995 James Jessiman wa ku Australia analemba pulogalamu yotchedwa LDraw, yothandiza munthu kumanga pakompyuta ndi tinjerwa tojambula, ndipo anaipereka kwaulere. Jessiman anamwalira mu 1997 akadali mnyamata, koma anzake anapitiriza ntchito yake. Anthu ongodzipereka anayamba kuyeza kachidutswa kalikonse kamene LEGO inapangapo n'kukajambula mosamala, ena n'kumayendera ntchito ya anzawo isanavomerezedwe. Mu 1998 Todd Lehman ndi Suzanne Rich anayambitsa LUGNET, kumene magulu a omanga a m'mizinda yosiyanasiyana ankakumana. Ndipo mu 2000 Dan Jezek, wobadwira ku Czechoslovakia koma wokhala ku Hawaii, anatsegula msika wa pa intaneti wotchedwa BrickBay, umene unasintha dzina kukhala BrickLink mu 2002 kampani ya eBay itadandaula kuti mayinawo akufanana. Msikawu unathetsa vuto lalikulu la womanga aliyense. Munthu wofuna tinjerwa tobiriwira 300 ta denga sankafunikanso kugula mabokosi ambirimbiri kuti atolemo tochepa. Ankangogula kwa ogulitsa ang'onoang'ono amene amamasula mabokosi n'kusanja tizidutswa m'madilowa. Kaundula wa BrickLink, wosonyeza kachidutswa kalikonse, mtundu wake ndi mabokosi amene kanapezekamo, analembedwanso ndi anthu ongodzipereka.

Kukumana koyamba kwenikweni pakati pa kampani ndi anthuwa kunabwera ndi Mindstorms, bokosi lomangira maloboti limene linatuluka mu 1998 pambuyo pa mgwirizano wa zaka zambiri ndi akatswiri a pa yunivesite ya MIT, kuphatikizapo Seymour Papert. Linakonzedwera ana, koma akuluakulu analigula mochuluka. Pasanapite nthawi, Kekoa Proudfoot, wophunzira pa yunivesite ya Stanford, anafufuza mmene kakompyuta kachikasu ka m'bokosilo kamagwirira ntchito n'kufalitsa zimene anapeza. Markus Noga wa ku Germany analemba pulogalamu yake yoyendetsera kakompyutako, ndipo Dave Baum anakonza chinenero chatsopano cholamulira maloboti. Ku Billund ena ankafuna kutumiza maloya. Atakambirana, kampani inawasiya, mpaka inalemba m'malamulo a pulogalamu yake kuti ogula ali ndi ufulu woisintha. Ichi chinali chisankho chanzeru, ndipo chinathandiza kuti Mindstorms ilowe m'masukulu ndi m'mayunivesite. Mu Disembala 1999 mmodzi wa akuluakulu a kampani, Brad Justus, analembera omanga a pa LUGNET kuwauza kuti kampani ikufuna kuyamba kulankhula nawo. Mu 2002 inagulitsa bokosi la nyumba ya wosula zitsulo lokonzedwa ndi womanga wakunja, Daniel Siskind.

Koma nthawi yomweyo kampani inali kudwala. Chitetezo cha luso la kanjerwa chinali chitatha, ndipo makampani ngati Tyco ndi Mega Bloks ankagulitsa tinjerwa togwirana ndi ta LEGO pamtengo wotsika. Milandu imene LEGO inasuma pofuna kuwaletsa sinaphule kanthu: khoti lalikulu la ku Canada linaikanira mu 2005, ndipo khoti la European Union linaikaniranso mu 2010. Masewera a pakompyuta ankakopa ana. Mu 1998 kampani inaluza ndalama koyamba m'mbiri yake, ndipo antchito pafupifupi 1,000 anachotsedwa.

Mankhwala amene atsogoleri anasankha anakulitsa matendawo. Anakhulupirira kuti ana amakono alibe mtima wodekha womanga, choncho anayamba kuthawa kanjerwa. Anatsegula mapaki atsopano ku Windsor mu 1996, ku California mu 1999 ndi ku Günzburg mu 2002. Analowa m'malonda a zovala, mawotchi, mabuku ndi mapulogalamu a pa TV. Anatulutsa Jack Stone, mabokosi a zidutswa zikuluzikulu zoti mwana amalize kumanga m'mphindi zochepa, ndi Galidor, zidole zimene zinalibe kanjerwa ngakhale kamodzi kodziwika. Okonza zidole ankaloledwa kupempha kachidutswa katsopano nthawi iliyonse, ndipo kachidutswa katsopano kalikonse kamafuna chikombole chake chachitsulo, chokwera mtengo kwambiri. Mitundu ya tizidutswa inachuluka mpaka kupitirira 12,000. Mabokosi a Star Wars, amene anayamba mu 1999, ndi a Harry Potter ankabisa vutoli m'zaka zimene mafilimu atuluka. Mu 2003 kunalibe filimu yatsopano ya nkhani ziwirizi, ndipo malonda anatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Mu 2004 kampani inaluza pafupifupi 1.9 biliyoni kroner. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala, ndipo ambiri ankayembekezera kuti banja la Kristiansen ligulitsa kampaniyo.

M'chaka chomwecho kampani inakhumudwitsanso omanga akuluakulu. Inasintha mitundu iwiri yotuwa ndi umodzi wofiirira popanda kuwachenjeza. Kwa mwana kusinthaku sikunali kanthu, koma munthu amene watha zaka akusonkhanitsa tinjerwa totuwa kuti amange linga la mfumu anapeza kuti tatsopanoto tikuoneka mosiyana pakhoma lomwelo. Mkwiyo unali waukulu, ndipo unali ndi chifukwa chomveka: lonjezo la Godtfred lakuti chatsopano chidzagwirizana ndi chakale linali litaphwanyidwa. Mitundu yakaleyo sinabwererenso.

Kjeld anatula pansi udindo chakumapeto kwa 2004 n'kuupereka kwa Jørgen Vig Knudstorp, wa zaka 35, amene kale ankagwira ntchito ku McKinsey, kampani yolangiza makampani ena. Iye sanali wa m'banjamo. Ntchito yake yoyamba inali yowawa. Antchito ambiri anachotsedwa, mapaki a Legoland anagulitsidwa mu 2005, ndipo mitundu ya tizidutswa inadulidwa pafupifupi ndi theka. Wokonza zidole aliyense anayenera kusonyeza chifukwa chomveka asanapatsidwe chikombole chatsopano. Mabokosi a apolisi, ozimitsa moto ndi omanga misewu, amene anali atanyalanyazidwa, anabwerera ndi dzina la City.

Si zoona kunena kuti omanga akuluakulu okha ndi amene anapulumutsa LEGO. Ndalama zambiri zinkachokerabe kwa ana, ndipo zidole za Bionicle, zimene zinayamba mu 2001, zinanyamula kampani m'zaka zovutazo. Koma omangawa anali atasunga chikhulupiriro chimene ku Billund chinali chitazilala, chakuti kanjerwa wamba kamakwanira. Mu 2005 Knudstorp anapita ku BrickFest, msonkhano wa omanga wochitikira pafupi ndi Washington, n'kuima pamaso pawo kuyankha mafunso. Chaka chomwecho kampani inakhazikitsa dongosolo la akazembe, omanga osankhidwa kuti azipereka maganizo a magulu awo. Pokonza Mindstorms yachiwiri, inaitana mwachinsinsi omanga maloboti anayi, Steve Hassenplug, John Barnes, David Schilling ndi Ralph Hempel, kuti athandize kusankha zimene ziyenera kukhalamo. Malipiro awo anali tinjerwa. Bokosilo, NXT, linatuluka mu 2006.

Kenako kampani inayamba kulemba ntchito anthu ochokera pakati pa omangawo. Jamie Berard wa ku America ndi chitsanzo chodziwika. Mu 2007 anakonza Café Corner, nyumba yosanja ya pakona ya msewu ya tizidutswa 2,056, yomangidwa kuti nsanjika iliyonse izichotsedwa payokha komanso kuti nyumbayo izilumikizana ndi ina pambali pake. Unali mtundu wa kamangidwe kamene omanga akunja ankaonetsa kale pa misonkhano yawo. Nyumba zotere zakhala zikutuluka pafupifupi chaka chilichonse kuyambira pamenepo, ndipo anthu amaziika pamzere n'kupanga msewu wathunthu. Mu 2007 momwemo munatulukanso chombo cha m'mafilimu a Star Wars chotchedwa Millennium Falcon, cha tizidutswa 5,195. Adam Reed Tucker, katswiri wojambula mapulani a nyumba ku Chicago amene ankamanga nyumba zazitali za mumzindawo ndi tinjerwa, anagwirizana ndi kampani n'kuyambitsa mabokosi a Architecture mu 2008.

Khomo lalikulu linatsegukira ku Japan. Mu 2008 LEGO inagwirizana ndi kampani ya kumeneko yotchedwa Cuusoo kuti anthu wamba azipereka zomanga zawo ndipo ena azizivotera. Choyamba kupangidwa chinali Shinkai 6500, sitima yofufuza pansi pa nyanja, mu 2011. Dongosololi litatsegulidwira dziko lonse, chomanga chinkafunika ochichirikiza 10,000 kuti kampani ichiganizire, ndipo chotengera masewera a pakompyuta a Minecraft chinawapeza m'maola 48. Mu 2014 linatchedwa LEGO Ideas. M'chaka chimenecho munatuluka Research Institute, kabokosi ka asayansi atatu aakazi, wofufuza mafupa akale, wa zakuthambo ndi wa zamankhwala, kokonzedwa ndi Ellen Kooijman, wasayansi ya miyala wogwira ntchito ku Stockholm. Kanatha m'masitolo m'masiku ochepa, ndipo kanaonetsa kampani msika umene inali isanauganizire mokwanira. Mu 2017 kunabwera roketi ya Saturn V ya tizidutswa 1,969, chiwerengero chosankhidwa dala pokumbukira chaka chimene anthu anafika kumwezi. Wokonza chomanga chimene chasankhidwa amalandira gawo limodzi pa 100 alionse a ndalama zogulitsa, ndipo dzina lake limalembedwa m'kabuku ka m'bokosi. Gawoli ndi lochepa poyerekeza ndi phindu limene kampani imapeza, ndipo zomanga zambiri zimene zafika pa 10,000 zimakanidwabe. Komabe ndi makampani ochepa a zidole amene anatsegulira anthu wamba khomo lotere.

Lero mabokosi a akuluakulu ali ndi mashelefu awoawo. Kuyambira mu 2020 amalembedwa 18+ ndipo ambiri amabwera m'makatoni akuda. Muli Colosseum ya tizidutswa 9,036, Titanic ya 9,090, nsanja ya Eiffel ya 10,001, ndiponso maluwa oika m'chipinda chochezera. Mu 2024 kampani inagulitsa katundu wa 74.3 biliyoni kroner, kuposa kakhumi ndalama za mu 2004, ndipo ndi kampani ya zidole yaikulu kuposa zonse padziko. Idakali m'manja mwa banja lomwe lija: magawo 75 pa 100 ndi a kampani ya banjalo yotchedwa Kirkbi, otsalawo ndi a LEGO Foundation. Mitengo ya mabokosi aakuluwa ndi yoti mabanja ambiri padziko sangaiyandikire, ndipo omanga enieniwo amadandaula nayo.

Pali vuto lina limene ndalama sizinathetse. ABS amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi panthaka ndipo saola. Mu Febuluwale 1997 mafunde anagwetsa makontena 62 kuchokera m'sitima ya Tokio Express, ndipo imodzi inali ndi tizidutswa ta LEGO pafupifupi 5 miliyoni. Anthu a ku Cornwall, ku England, akutitolabe m'mphepete mwa nyanja. Kuyambira mu 2018 kampani imapanga masamba ndi timitengo ndi pulasitiki wochokera ku nzimbe, koma ameneyu ndi wofewa, sangakhale kanjerwa. Inayesanso mabotolo akale a zakumwa, koma mu 2023 inasiya itapeza kuti njirayo sikanachepetsa mpweya woipa wotuluka m'mafakitale. Pulasitiki aliyense watsopano ayenera kugwira kanjerwa ka mu 1958 mwamphamvu yomweyo, ndipo muyeso umenewu ndi wovuta kuufikira.

Ubale wa kampani ndi omanga nawo suli wopanda zilonda. Mu 2007 kampani inalengeza kuti isiya njanji zazitsulo zodutsa magetsi, zimene magulu a okonda sitima anali atawonongerapo ndalama zambiri. Mindstorms inathetsedwa kumapeto kwa 2022. Koma nkhani imene inautsa mafunso ambiri ndi ya BrickLink. Dan Jezek atamwalira mu 2010, mayi ake Eliska Jezkova anayendetsa msikawo mpaka mu 2013, pamene anaugulitsa kwa Kim Jung-ju, mwini kampani ya masewera a pakompyuta ya Nexon. Mu Novembala 2019 LEGO inalengeza kuti yaugula. Omanga ena anasangalala kuti msikawo wapeza mwini wokhazikika. Ena anada nkhawa, ndipo nkhawa yawo inali yomveka: wopanga tinjerwa tatsopano ndi yemweyo tsopano amene akuyang'anira msika waukulu wa takale, ndipo akuona mitengo ndi zofuna za ogula onse, pa kaundula amene analembedwa ndi anthu osalipidwa.

Pamodzi ndi msikawo, LEGO inatenganso Studio, pulogalamu yaulere ya BrickLink yomangira pakompyuta, imene imawerengera womanga tizidutswa tofunika, kumuuza mitundu imene ilipodi, ndi kumukonzera kabuku ka malangizo. Kampani inali ndi pulogalamu yakeyake, LEGO Digital Designer, kuyambira mu 2004. Mu 2022 inaisiya n'kuuza ogwiritsa ntchito onse kuti asamukire ku Studio. Tinjerwa tojambula timene Studio imamangira tinachokera ku nkhokwe ya LDraw, ntchito imene James Jessiman anayamba mu 1995, ndipo anthu ongodzipereka akupitirizabe kuyeza ndi kujambula kachidutswa katsopano kalikonse kakatuluka m'fakitale.